Mmene mungawerengere mbiri ya osewera hockey ya pa ayezi, titengere Zdeno Chára waku Slovakia

Ine hockey ya pa ayezi ndinayamba kuitsata chifukwa cha kavidiyo kamodzi basi, kamunthu wina wamtali ngati mtengo wa bulugama atanyamula chikho chachikulu pamwamba pa mutu akukuwa, nde nditafufuza dzina ndinapeza kuti ndi Zdeno Chára waku Slovakia. Kuchoka pamenepo ndinatsegula tsamba la mbiri yake ndipo ndinangoona manambala okhaokha, GP, G, A, PIM, mizere yoposa 20 kutsika pansi, osamvapo kanthu. Zinanditengera nthawi kuti ndidziwe poyambira, nde ndati ndikulembereni njira yomwe ndimatsata pano ndikafuna kumudziwa osewera aliyense wa masewerawa, poti ambiri a ife tinakulira mpira wa miyendo ndipo timafika ku hockey ndi maso a mpira, zomwe zimatisokoneza kwambiri.

Choyamba, dzina lilembeni bwino posaka. Ma Slovak ali ndi tizizindikiro pamwamba pa zilembo koma pa Google kapena YouTube mutha kungolemba Zdeno Chara opanda kazizindikiro ndipo zibwera. Katchulidwe kokha samalani, Ch ya chi Slovak si ch yathu ya chimanga ayi, imatuluka kukhosi ngati kh wopumira, ngakhale owulutsa mawu aku America amangomutchula mmene akufunira. Masamba omwe ine ndimadalira ndi Elite Prospects, HockeyDB, Hockey-Reference ndi tsamba lenilenilo la NHL, ligi yaikulu ya hockey yaku America ndi Canada. Kwa osewera waku Europe yambani ndi Elite Prospects chifukwa imaonetsanso matimu akwawo ndi a achinyamata. 

Mukatsegula, musathamangire pa manambala. Onani kaye pamwamba pomwe alemba tsiku lobadwa, malo, kutalika ndi malo omwe amasewera. Chára anabadwa pa 18 March 1977 ku Trenčín, ndipo mupeza kuti masamba ena alemba Czechoslovakia ena Slovakia, onse akulondola chifukwa dzikolo linagawikana pa 1 January 1993 iye ali ndi zaka 15. Trenčín yo isungeni mmutu, ndi tauni yaying'ono koma timu yake Dukla Trenčín inatulutsa anthu oopsa, Marián Hossa, Marián Gáborík, Pavol Demitra, onsewa anadutsa kumeneko. Kutalika kwake ndi mamita 2.06, wamtali kuposa wina aliyense yemwe anali atasewerapo mu NHL, mpaka ligi inachita kumuloleza ndodo yaitali kuposa mulingo wa anthu wamba. Bambo ake anali katswiri wa masewera ogwetsana a Greco-Roman, nde mphamvu ndi kulimbikira ma training sizinachokere kutali.

Kenako pali chilembo chimodzi chomwe chimasintha chilichonse, D. Ndiye kuti defenseman, wotchinga kumbuyo, tingoti difenda. Mu hockey timu imakhala ndi anthu 6 pa ayezi nthawi imodzi, goloboyi mmodzi, madifenda awiri, akutsogolo atatu omwe amalembedwa C wapakati, LW wakumanzere, RW wakumanja. Mukaona D dziwani kuti zigoli si muyezo wake weniweni. Apa mpomwe ambiri timalakwitsa, timaona kuti munthu wasewera zaka 24 wagoletsa 209 basi nkumati aaa nanga uyu wotchuka ndi chani. Dikirani.

Tebulo lija liwerengeni chonchi. Mzere uliwonse ndi sizoni imodzi, ndipo sizoni ya NHL imayamba October kutha April, mchifukwa chake amalemba zaka ziwiri ngati 2008-09. GP ndi magemu omwe wasewera, ndipo nthawi ya Chára sizoni yathunthu inali magemu 82, nde mukaona 80 kapena 81 ndiye kuti munthuyo sanajombe, mukaona 50 funsani kuti chinachitika nchani. G ndi zigoli. A ndi ma assist, kupatsira mnzako kuti agoletse, ndipo kusiyana ndi mpira wathu kuno chigoli chimodzi chitha kukhala ndi ma assist awiri, womaliza kupatsira ndi amene anamupatsa iyeyo. PTS ndi kuphatikiza G ndi A basi, chigoli ndi assist zonse ndi poyinti imodzi imodzi. Za Chára zonse pamodzi mu sizoni wamba ndi magemu 1,680, zigoli 209, ma assist 471, mapoyinti 680. Nambala yoti muiyang'anitsitse pamenepo ndi yoyambayo. Palibe difenda wina mu mbiri ya NHL yemwe anali atasewera magemu ochuluka chonchi, anamudutsa Chris Chelios yemwe anali ndi 1,651, ndipo awa ndi masewera omwe anthu amagundana pa liwiro lalikulu nkumakamenyetsana kukhoma, magemu atatu kapena anayi pa sabata.

PIM ndi mphindi za chilango. Ku hockey kulibe yelo kadi, ukalakwa umakakhala mu kabokosi pambali mphindi 2, timu yako nkumasewera yoperewera, ukamenyana ndi mphindi 5, ndipo inde kumenyana ndi zibakera kumachitika ndithu mu NHL, ma refa amadikira kaye kenako nkuwaleretsa. Chára PIM yake inadutsa 2,000. Muyang'ane mmene nambalayi ikuyendera zaka zikamapita, zaka zoyamba ili pamwamba kwambiri chifukwa ankamuona ngati chimunthu chachikulu choopsezera adani, kenako ikutsika pomwe mapoyinti akukwera, ndiye kuti makochi anazindikira kuti munthuyu akufunika pa ayezi osati mu bokosi. Nkhani yonse ya kukula kwa osewera mutha kuiona mmizere iwiri imeneyi.

Palinso +/- yomwe imavuta pang'ono. Timu yako ikagoletsa iwe uli pa ayezi umapeza +1, ikagoletsedwa -1, koma zigoli zomwe timu yagoletsa pomwe adani ali operewera chifukwa cha chilango siziwerengedwa. Anthu amatsutsana kwambiri za nambala imeneyi chifukwa osewera wabwino mu timu yofooka amaoneka oipa, ndipo ndi zoona, onani zaka za Chára ku New York Islanders ali ndi ma minus akuluakulu chifukwa timuyo nthawi imeneyo inali pansi, atangosamuka nambala inatembenuka. Nde musamuweruze munthu ndi sizoni imodzi. Koma ikakhala plus zaka zambiri motsatizana kwa munthu yemwe ntchito yake inali kutchinga akatswiri oopsa a timu ina usiku uliwonse, pamenepo ikunena zoona.

Nambala yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi TOI, nthawi yomwe munthu wakhala pa ayezi, muipeza pa Hockey-Reference kapena pa NHL. Gemu ndi zigawo zitatu za mphindi 20, koma palibe amasewera zonse 60 kupatula goloboyi, anthu amasinthana mpira uli mkati, kulowa masekondi 40 kapena 50 kutuluka kukapuma, chifukwa kuthamanga kwake nkosatheka kupirira nthawi yaitali. Wakutsogolo wabwino amasewera mphindi ngati 18 mpaka 20. Chára pa zaka zake zabwino ku Boston ankasewera cha mma 25 pa gemu. Kochi sanama ndi mphindi, amene amamukhulupirira ndi amene amamusiya pa ayezi gemu ikafika povuta.

Mukatha manambala bwererani pamwamba muone mmene analowera ligi. Ku NHL achinyamata sagulidwa ngati ku mpira, pali draft chaka chilichonse cha mu June pomwe matimu amasankha mosinthana, ofooka kuyamba. Chára anasankhidwa mu 1996 ndi New York Islanders, mu round yachitatu, munthu wa nambala 56. Tanthauzo lake ndi loti anthu 55 anaonedwa kuti ndi abwino kuposa iye, chifukwa anali wamtali koma wolemera miyendo pa ayezi, ndipo ngakhale kwawo ali mnyamata sanali mgulu la omwe ankayembekezeredwa. Nambala ya draft muziiona nthawi zonse, imakuuzani kuti dziko linkamuona bwanji munthu asanayambe, nde mukaiyerekeza ndi pomwe anathera mumadziwa kuti ndi zingati zomwe anachita kudzipangira yekha. Mzere wotsatira muona Prince George Cougars, WHL, 1996-97, imeneyo ndi ligi ya achinyamata ku Canada, kenako Kentucky Thoroughblades, AHL, yomwe ndi ligi yapansi pa NHL komwe amakakhwimitsira anthu. Mukaona sizoni imodzi ili ndi mizere iwiri, AHL ndi NHL, ndiye kuti ankakwera nkutsika, sanakhazikike.

Tsopano kusamuka. Apa tebulo silikuuzani chifukwa, muyenera kusaka dzina lake ndi mawu oti trade ndi chaka. Mu June 2001 Islanders inamupereka ku Ottawa Senators pamodzi ndi Bill Muckalt komanso mwayi wosankha wachiwiri pa draft, womwe Ottawa inatengera Jason Spezza, zonsezi kusinthanitsa ndi Alexei Yashin waku Russia. Onetsetsani kuti apa palibe ndalama ya transifa, amasinthana anthu ndi anthu ngati mbuzi ndi nkhumba pa msika, ndipo osewera nthawi zambiri samafunsidwa, amangouzidwa kuti longedza. Mpaka lero anthu a hockey amaitchula trade imeneyi ngati imodzi mwa zomwe Islanders inaluza kwambiri. Kusamuka kwachiwiri nkosiyana, mu July 2006 kontrakiti yake itatha anali mfulu kusankha yekha, anasaina ku Boston Bruins zaka 5 pa madola 37.5 miliyoni ndipo asanasewere gemu ya ligi ndi imodzi yomwe anamupatsa ukaputeni. Pa jezi kaputeni amavala chilembo C pachifuwa, omuthandiza amavala A, mulibe kansalu ka pamkono. Chára anavala C ku Boston zaka 14.

Chinthu china chomwe chimasokoneza anthu ndi mipata. Pa 2004-05 simupeza NHL, mupeza Färjestad yaku Sweden. Sikuti anachotsedwa ntchito ayi, chaka chimenecho eni matimu ndi osewera anakanganirana za malipiro sizoni yonse inafafanizidwa, aliyense anakasaka kosewera ku Europe. Zinachitikanso pang'ono mu 2012-13, muona Lev Praha ya mu KHL, ligi yaikulu yaku Russia, kenako magemu 48 okha a NHL. Ndipo 2019-20 ndi 2020-21 magemu ndi ochepa chifukwa cha Covid. Mukadziwa zaka zinayi zimenezi mutha kuwerenga tebulo la osewera aliyense wa mbadwo umenewo osasokonezeka.

Kumanja kwa tebulo kuli gawo lina la playoffs, lomwe limawerengedwa palokha, ndipo kumeneko nkomwe kuli mtima wa nkhani. Ku NHL kukhala pamwamba pa ligi sikupereka ulemu waukulu, chikho chenicheni ndi Stanley Cup, matimu 16 amalowa, round iliyonse mumasewera ndi timu imodzi yomweyo mpaka wina apambane kanayi, ma round anayi, ndiye kupambana 16 kuti utenge chikho. Mukaona GP ya playoffs ili 4 kapena 7 anatuluka koyambirira, ikadutsa 20 anafika ku fainolo. Kwa Chára muona zaka zitatu zotero, 2011, 2013 ndi 2019. Apa ndiye tsekani matebulo mutsegule YouTube, ngati bandulo ndi yochepa ikani pa 360p zimaonekabe.

Yambani ndi 15 June 2011, gemu ya 7 ku Vancouver, Boston inapambana 4-0, chikho chawo choyamba kuchokera 1972. Muonetsetse pomwe akumuitana kuti adzalandire, akubwera ndi ndevu zosameta miyezi iwiri poti mwambo wawo sameta nthawi ya playoffs, akuchigwira chikho ndi manja awiri nkuchiponyera mmwamba ndi mphamvu mpaka kutsala pang'ono kugwa chagada, kukamwa kuli yasa. Kenako akuchipereka kwa Mark Recchi, wamkulu pa onse mu timu yemwe imeneyo inali gemu yake yomaliza. Asanatero iye, kaputeni wobadwira ndi kukulira ku Europe yemwe ananyamulapo chikhochi anali Nicklas Lidström waku Sweden mu 2008.

Kenako sakani 2019, fainolo ndi St. Louis Blues. Mu gemu ya 4 puck inamumenya kumaso, ndipo puck si mpira wofewa, ndi kambale ka labala kolimba kozizira ngati mwala, inamuthyola nsagwada. Munthu wa zaka 42. Patangopita masiku atatu gemu ya 5 ku Boston anatulukira atavala chipewa chotchinga chibwano chonse, osatha kuyankhula bwino, ndipo atatchula dzina lake sitediyamu yonse inaimirira kuwomba mmanja nthawi yaitali, kamera ili pa nkhope yake iye angoyang'ana kutsogolo maso ali gwa. Ine ndikaonera kavidiyo kameneka thupi limachita tsembwe mpaka pano. Boston inaluza fainoloyo pa gemu ya 7, ndipo tebulo lingokuonetsani nambala ya magemu basi, za nsagwadazo mulibe. Mchifukwa chake ndimati manambala akuuzeni chaka choti mukasake, osati akhale mathero.

Musabise zoipa pomwe mukuwerenga mbiri ya munthu. Pa 8 March 2011 ku Montreal Chára anamukankha Max Pacioretty mutu wake nkukamenya chitsulo cha mmbali mwa bwalo, anathyoka fupa la khosi ndipo anamutulutsa pa machira. Ligi sinamuyimitse, apolisi aku Montreal anafufuza koma sanamuzenge mlandu, Pacioretty anachira nkubwerera kusewera bwino, koma anthu aku Montreal ankamukuwiza Chára nthawi zonse akagwira puck kumeneko. Ndi mbali ya mbiri yake ndipo vidiyo yake ndi yowawa kuonera, ngati muli ndi mtima wofewa ingowerengani.

Za mphotho sizivuta. Kwa difenda yaikulu ndi Norris Trophy, ya difenda wabwino kuposa onse mu sizoni, iye anatenga mu 2009, chaka chomwe anagoletsa 19. Palinso mpikisano wa kumenya puck mwamphamvu pa All-Star, chisangalalo chomwe amasonkhanitsa akatswiri a matimu osiyanasiyana a NHL, mu 2012 ku Ottawa anamenya pa liwiro la mamailosi 108.8 pa ola, ndiye kuti makilomita 175, tangoganizani kuima kutsogolo kwa chinthu chimenecho.

Pansi penipeni pa tsamba pali tebulo lachiwiri la timu ya dziko, ndipo kwa mu Slovak musalidumphe chonde, chifukwa kwa iwo hockey ili ngati mmene mpira ulili kwa ife. Dziko la anthu pafupifupi 5.4 miliyoni, litagawikana ndi Czech malo a pamwamba anatsalira a Czech, Slovakia inachita kuyambira gulu C mu 1994, kukwera B mu 1995, kufika pamwamba 1996, ndipo pofika 2002 anali akatswiri a dziko lonse atagonjetsa Russia 4-3 ku Gothenburg ndi chigoli cha Peter Bondra. Dzina la Chára pa 2002 simulipeza, ndipo chifukwa chake ndi chinthu choti muchidziwe kwa osewera aliyense, World Championship imachitika cha mu May nthawi yomweyo ya playoffs ya NHL, nde amene timu yake ikuchita bwino ku America sangabwere. Mpata mu tebulo la dziko nthawi zambiri ukutanthauza kuti munthuyo anali bize kulimbirana Stanley Cup, osati anakana dziko lake. Chára ali ndi siliva ziwiri, 2000 ndi 2012, anasewera ma Olympics a 2006, 2010 ndi 2014, ndipo ku Sochi mu 2014 ndi iye ananyamula mbendera ya Slovakia.

Ya 2012 ija muionere. Miyezi ingapo mmbuyo mwake, pa 7 September 2011, ndege yonyamula timu ya Lokomotiv Yaroslavl inagwa ku Russia ndipo mwa omwalira munali Pavol Demitra, mnzake wa ku Trenčín komanso mtsogoleri wa timu ya dziko. Slovakia inafika fainolo ku Helsinki palibe ankayembekezera, inaluza 6-2 kwa Russia, zigoli ziwiri zonsezo anagoletsa ndi Chára. Nthawi yolandira mamendulo anavala jezi ya Demitra, nambala 38. Sitediyamu ya hockey ku Trenčín pano imatchedwa dzina la Demitra.

Mizere yomaliza ndi yaifupi, Washington Capitals 2020-21, kenako kubwerera ku Islanders komwe anayambira 2021-22 ali ndi zaka 45. Pa 20 September 2022 anasaina kontrakiti ya tsiku limodzi ndi Boston, mwambo wawo woti munthu apume ali wa timu yomwe mtima wake uli, nde musadabwe mukaona zimenezo. Chaka chotsatira anathamanga Boston Marathon, ndipo mu 2025 analowa mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, komwe amalemekezerako akatswiri a masewerawa omwe anapuma.

Mukafuna kuyesa njirayi pa munthu yemwe tebulo lake likulembedwabe, tengani Juraj Slafkovský waku Košice, yemwe anathandiza Slovakia kutenga bronze ku Olympics ya Beijing mu 2022 ali ndi zaka 17, chaka chomwecho Montreal Canadiens nkumusankha nambala 1 pa draft, mu Slovak woyamba kutero, mnzake Šimon Nemec nambala 2 ku New Jersey. Iyeyu ndi wakutsogolo nde kwa iye G ndi A ndi zofunika, koma TOI muziionabe. Vuto ndi nthawi chabe, gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku Montreal kapena Boston kuno ku Malawi imakhala 2 koloko usiku, kuyambira pakati pa March mpaka kumayambiriro kwa November imakhala 1 koloko. Ine ndimagona, mmawa ndisanatsegule zotsatira ndimapita kaye pa YouTube ya NHL kuonera ma highlights a mphindi ngati 10, kenako ndi pomwe ndimatsegula box score, tebulo la manambala a gemuyo, kuona kuti wakhala mphindi zingati pa ayezi.